Muyeso Utsogole Mpeni: Mafunso ndi Mayankho pa za Edita Yochedwa Kutseguka

M'malokeshoni a mzinda wa Harare, ku Mufakose, ku Mabvuku, ku Tafara, ku Highfield ndi ku Mbare, kumene zidzukulu za amachona a ku Nyasaland zikhala kufikira lero lino pamodzi ndi eni nthaka, mwabuka mbadwo wa anyamata ndi atsikana amene khasu lawo ndi laputopu, ndipo mizere imene aunda ndi ya malamulo a kompyuta. Ena a iwo anaphunzira ku University of Zimbabwe kapena ku Harare Institute of Technology, ena m'makontena oyendera mphamvu ya dzuwa amene bungwe la Uncommon.org linaimika ku Dzivarasekwa ndi ku Kuwadzana, ndipo enanso anadziphunzitsa okha pakati pa usiku, anzawo ali m'tulo. Popeza adziwa kuti imvi zanga zinamerera pa ntchito yomweyi, amanditsekereza pabwalo la tchalitchi tikatuluka m'mapemphero, nandifunsa za nthenda imodzi imene yasautsa ambiri, ndiyo ya edita imene ichedwa kutseguka. Mafunso awowo ndawasonkhanitsa pano, ndipo ndiwayankha monga ndikadayankhira ana a mlongo wanga.

Funso: Bambo, kodi edita imakhala ikuchitanji pa kanthawi kaja, pamene ife tikudikira kuti tsamba lolembapo lioneke?

Yankho: Edita ndiyo pulogalamu imene mlembi wa mapulogalamu alemberamo ntchito yake, ndipo ili ndi mibadwo yake monga mafuko a anthu. Kholo la zambiri ndi vi, imene Bill Joy analemba ku Berkeley mu 1976. Potsanzira iyo, Bram Moolenaar wa ku Netherlands anatulutsa Vim mu 1991, ndipo kuchokera mu Vim munaphuka Neovim mu 2014. GNU Emacs ya Richard Stallman inaoneka mu 1985, pamene VS Code ya kampani ya Microsoft, imene ambiri a inu muyambira, inadza mu 2015. Mukailamula iliyonse ya izi kuti itseguke, iyamba yadzisamutsa yokha kuchoka pa disiki kulowa m'memori. Itatero iwerenga fayilo ya makonzedwe anu, imene mu Vim itchedwa .vimrc, mu Neovim init.lua, mu Emacs init.el, niitsata mzere ndi mzere osadumpha ngakhale umodzi. Kenaka iitana mapulagini, ndiwo timapulogalamu towonjezera timene munaika kuti tipake mitundu m'malemba, tisake mafayilo, kapena timalizitse mawu amene mwayamba kulemba. Ndipo zonsezi zitatha m'pamene ikupatsani tsamba.

Aliyense amene anakhalapo m'kombi pa Mbare Musika kapena pa Copacabana adziwa kuti galimoto siinyamuka kufikira wokwera wotsiriza atakhazikika, ndi kuti munthu mmodzi amene akali kukangana ndi kondakitala za mtengo wa thumba lake aimitsa ulendo wa anthu onse. Edita iteronso: pulagini iliyonse ndi wokwera, ndipo pa okwera makumi atatu, kawirikawiri ochedwetsa ulendo ndi awiri kapena atatu okha.

Funso: Koma kodi masekondi 3 ndi kanthu koti munthu wamkulu n'kudandaula nako?

Yankho: Mukawerengera ndi cholembera ndi kanthu kochepa ndithu, pakuti munthu wotsegula edita ka 40 pa tsiku, nadikira masekondi 3 nthawi iliyonse, ataya mphindi 2 zokha, ndipo sindidzakunyengani kuti mukakonza ichi mudzalemera. Chotayika chachikulu ndi ulusi wa maganizo. Katswiri wina wa ku Denmark, Jakob Nielsen, anafotokoza mu 1993 malire atatu a kudikira kwa munthu pa kompyuta: kuti yankho lodza mkati mwa gawo limodzi la magawo 10 a sekondi limveka ngati la pomwepo, kuti kufikira sekondi imodzi maganizo akhala osaduka, ndi kuti akapitirira masekondi 10 mtima wa munthu uyamba kuyendayenda kwina. Munatsegula edita mutagwira m'mutu mzere woti mukonze. Ikachedwa, dzanja lipita ku foni, ndipo pobwerera mupeza ganizo lija litauluka.

Palinso chifukwa china chimene ife a kuno tichidziwa kuposa anzathu a maiko a magetsi osazima. Mu 2019, ndiponso kumapeto kwa 2022, pamene madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika kwambiri, malokeshoni ambiri anali kukhala mumdima maola ofika 18 pa tsiku, ndipo wolemba mapulogalamu anali kudalira batire yotopa ya laputopu yogula kwa wina. Edita imene isenza katundu wosafunika potseguka ipitiriza kumusenza tsiku lonse, nidya memori, nitenthetsa makina, nipsereza batire. Chifukwa chake kuchedwa kutseguka kuli monga kutentha kwa thupi: sindiko nthenda yeniyeni, koma kukuuzani kuti m'katimo muli kanthu.

Funso: Ine ndikuikayikira pulagini ina yaikulu imene ndinaika. Bwanji osangoichotsa basi?

Yankho: Musatero, mwana wanga, pakuti woweruza amene amanga munthu chifukwa cha kukula kwa thupi lake, asanamve umboni, ndi woweruza wosalungama. Donald Knuth, mphunzitsi wamkulu wa ku Stanford, anachenjeza kalekale mu 1974 kuti alembi a mapulogalamu akamangoganizira kumene nthawi ikuthera amaphonya kawirikawiri, ndi kuti owona zoona ndi iwo amene ayesa.

Ndinazionera ndekha ku Mabvuku, m'nyumba ya mlongo wanga, usiku wina magetsi atabwera cha m'ma 10 koloko. Mwana wake wamkazi anaika laputopu patebulo la m'khitchini, pambali pa mphika wa nyemba umene amayi ake anafulumira kutereka pa sitovu kuti zipse magetsi akalipo, nandionetsa edita imene inali kungoti duu, galasi lili bii, kwa nthawi yoti munthu n'kumwa kapu yonse ya madzi. Iye anali atachotsa kale mapulagini atatu amene anali kuwakonda, koma osaona kusintha kulikonse. Titayesa, tinapeza kuti wolakwa unali mzere umodzi wokha, umene anaukopera kwa munthu wina wa kutsidya kwa nyanja, wolamula edita kuti isanachite china chilichonse iyambe yafunsa pa intaneti ngati kwatuluka zatsopano. Ndipo popeza netiweki inali yofooka usiku umenewo, edita inali kugogoda pakhomo popanda woyankha kufikira itatopa yokha. Tinaufafaniza mzerewo, tinabwezera m'malo mwawo mapulagini atatu osalakwa aja, ndipo tsamba linaoneka chala chisanachoke pa batani. Mwanayo anagwira pakamwa nati, "Malume, ndiye kuti ndinali kumenya galu pamene nkhuku inagwidwa ndi vumbwe." Indedi, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Funso: Nanga muyesowo tiutenga kuti, ndipo tiuwerenga bwanji?

Yankho: Muyeso uli m'kati mwa edita momwemo, ndipo sugulidwa ndi ndalama. Mu Vim lembani pa terminal lamulo ili:

vim --startuptime nthawi.log

Mu Neovim ndi chimodzimodzi, kungoyamba ndi nvim. Edita ikatseguka itsekeni, nimuwerenge fayilo ya nthawi.log, m'mene mudzapeza mndandanda wa zonse zimene zinachitika, chilichonse ndi nthawi yake m'mamilisekondi, amene akwana 1000 m'sekondi imodzi. Pa mzere wa fayilo iliyonse imene inawerengedwa pali manambala atatu: yoyamba inena nthawi imene yapita chiyambire ulendo; yachiwiri inena nthawi imene fayiloyo inadya pamodzi ndi mafayilo ena onse amene iyo inaitana; yachitatu inena nthawi imene inadya iyo yokha. Nambala yoyamba ya mzere wotsiriza ndiyo mtengo wa ulendo wonse. Kuti olemera aime patsogolo, sanjani mizere ndi lamulo lakuti sort -k2 -nr nthawi.log, ndipo kumbukirani kufafaniza fayiloyo musanayesenso, pakuti Vim siilemba pamwamba pa zakale, imangowonjezera kunsi.

Mutatero, yesaninso edita ili yopanda katundu wanu, ndi lamulo la vim --clean, kapena nvim --clean, kapena emacs -Q, kapena code --disable-extensions. Kusiyana kwa miyeso iwiriyi ndiko kulemera kwa mtolo umene munadzisenzetsa nokha, ndipo ndi pokhapo pamene mpeni wanu uli ndi ulamuliro. A Emacs afunse nthawi yonse ndi lamulo la emacs-init-time, ndipo esup kapena benchmark-init idzawagawira nthawiyo m'zigawo zake. A Neovim ogwiritsa lazy.nvim ya Folke Lemaitre alembe :Lazy profile. Ndipo a VS Code asake m'bokosi la malamulo mawu akuti Developer: Startup Performance, ndiponso Developer: Show Running Extensions, imene ionetsa nthawi imene chowonjezera chilichonse chinatenga kuti chidzuke.

Funso: Ndayesa kawiri, koma manambala sakufanana. Ndikhulupirire iti?

Yankho: Zonse ziwiri zinena zoona, koma za zinthu zosiyana. Pamene mwangoyatsa kompyuta, mafayilo onse ayenera kutengedwa pa disiki, ndipo ngati disiki yanu ndi yakale ija yozungulira, kasingano kake kayenera kuyendayenda kufunafuna timafayilo mazanamazana tobalalika. Koma pa ulendo wachiwiri makina akhala atasunga mafayilowo m'memori, ndipo edita iwapeza pafupi. Komanso malaputopu ambiri amachepetsa liwiro lawo dala akakhala pa batire, kotero kuti muyeso wa masana magetsi atazima sungalingane ndi wa usiku chingwe chili kukhoma. Tsono khalani ndi mwala woyesera umodzi: yesani kakhumi, pa mkhalidwe umodzimodzi, nimutenge nambala ya pakati. Kapulogalamu kotchedwa hyperfine, ka David Peter, kachita kubwereza kumeneku m'malo mwanu. Ndipo lembani manambala m'kope musanasinthe kanthu ndiponso mutasintha, pakuti mtima wa munthu ufulumira kukhulupirira kuti chimene wavutikira chapindula, ngakhale pamene sichinapindule.

Funso: Nanga muyeso ukapanda kuloza wolakwa poyera?

Yankho: Pamenepo muchite monga achitira akulu posaka amene wabisa mbuzi m'mudzi, kugawa khamu pakati. Yambani mwasunga fayilo ya makonzedwe anu mu Git, kuti mukasokoneza mubwerere pamene munali, pakuti madzi akatayika saoleka. Kenaka zimitsani theka la mapulagini nimuyese. Vuto likatsala, wolakwa ali mwa otsalawo, likachoka, ali mwa ozimitsidwa. Gawaninso pakati gulu lokayikitsalo, ndi kupitiriza chotero. Pa mapulagini 32 mudzamugwira m'maulendo 5 okha. VS Code ili ndi lamulo lochita zomwezi, lotchedwa Help: Start Extension Bisect. Ndipo musaiwale kuyang'ana kunja kwa mpanda, pakuti nthawi zina chochedwa ndi terminal yeniyeniyo, chifukwa cha zimene munaunjika mu .bashrc kapena .zshrc, ndipo edita isenza mlandu wa mnansi wake.

Funso: Tamupeza wolemera uja. Timuchite chiyani?

Yankho: Mankhwala alipo atatu, ndipo muwatsate monga ndawasanjira. Oyamba ndi kuchotsa: pulagini imene simunaigwiritse ntchito mwezi wathunthu ichoke, ngakhale anzanu aitame bwanji, pakuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Makolo athu aja, pamene anali kuyenda wapansi kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi, kulinga ku Salisbury, kapena kudikira malole a Ulere m'njira, anali kumanga m'kamtolo bulangete, kamphika ndi kaufa basi, podziwa kuti chilichonse chowonjezera adzachimva m'khosi pa mtunda uliwonse.

Achiwiri ndi kuchedwetsa. Mmisiri wa mipando wa ku Glen View satulutsa zipangizo zake zonse m'bokosi m'mamawa kuti apale thabwa limodzi. Atenga chopalira, ndipo chiboolero chidikira kufikira nthawi yoboola. Momwemo pulagini ya chiyankhulo cha Python ilibe chifukwa chodzukira pamene mwatsegula fayilo ya HTML. Chiyambire Vim 8 ya mu 2016, pulagini yoikidwa m'chikwatu cha opt siitanidwa kufikira mutalemba :packadd, mu vim-plug ya Junegunn Choi mawu akuti on ndi for amangirira pulagini ku lamulo kapena ku mtundu wa fayilo, mu lazy.nvim ntchito yomweyo ichitika ndi cmd, ft, keys ndi event. Ndipo mu Emacs use-package, imene inalowa m'kati mwa Emacs 29 mu 2023, ili ndi :defer, :commands ndi :mode. Koma dziwani kuti kuchedwetsa sikufafaniza ngongole, kungoisunthira mtsogolo. Pulagini imene muifuna nthawi zonse mukangotsegula, kuichedwetsa ndi kudzinyenga ndi manambala okoma.

Achitatu ndi kukonza mizere yeniyeniyo ya makonzedwe. Chilichonse chofunsa pa intaneti kapena choitana pulogalamu yakunja chichoke pa njira yotsegukira, muzichichita ndi dzanja pamene bandulo ilipo. Mu Neovim, kuyambira 0.9, mzere wa vim.loader.enable() pamwamba pa init.lua usunga mafayilo a Lua atatafunidwa kale, kuti asatafunidwenso tsiku ndi tsiku. Ndipo kuuza Neovim kumene Python ikhala, mwa g:python3_host_prog, kuipulumutsa ku ntchito yosakasaka. Mu Emacs, malire a gc-cons-threshold, amene mwachibadwa ali pa mabayiti 800000, achititsa kuti iime kawirikawiri kusesa memori pamene ikutseguka. Akwezeni mu early-init.el, fayilo imene inayamba ndi Emacs 27, koma muwatsitsenso ikatha kutseguka, makamaka ngati memori yanu ndi yochepa.

Funso: Kodi si kwapafupi kungotenga makonzedwe okonzedwa kale ndi akatswiri?

Yankho: Alipo abwino ndithu, monga LazyVim ndi NvChad za Neovim, kapena Doom Emacs ndi Spacemacs za Emacs, ndipo amene anawalemba anaika nzeru zambiri pa nkhani yomweyi ya kuchedwetsa mapulagini. Kuwawerenga ndi sukulu yaulere, ndipo safunsa anadya phula. Koma kumbukirani mnyamata Davide, amene mfumu Sauli inamuveka zida zake za nkhondo, zida zabwino zopanda chilema, koma iye anazivula popeza sanazizolowere, natenga timiyala ta mumtsinje timene dzanja lake linali kutidziwa. Makonzedwe ambiri amene muwapeza pa GitHub analembedwa pa makina atsopano, a memori yochuluka, m'nyumba za intaneti yosatha. Mzere umene kwa mwini wake sumveka kulemera, kwa inu ukhoza kukhala mphero yomangidwa m'khosi. Ndipo fayilo ya mizere chikwi imene simuimvetsa, tsiku likadzathyoka kanthu, mudzaima pamaso pake monga mlendo m'nyumba yanu yomwe. Tengani kwa ena mzere umodziumodzi, muumvetse, muuyese, ndipo pamwamba pake mulembe chifukwa chimene mwauikira. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Funso: Laputopu yanga ndi yakale. Kodi zonsezi zingathandize, kapena ndingosunga ndalama za ina?

Yankho: Zithandiza koposa pa makina akale, pakuti pamenepo m'pamene katundu aliyense amveka. Koma ngati muli ndi kandalama, musayambe ndi kulota laputopu yatsopano. Yambani ndi kuchotsa disiki yozungulira ndi kuikamo SSD, imene ilibe kasingano koyendayenda, ndipo ipezeka m'masitolo a zipangizo za makompyuta m'tauni, monga a ku Gulf Complex. Pa kutseguka kwa m'mamawa kuja, kusintha kumeneku kuposa masabata a kukonza mizere. Chachiwiri ndi kuwonjezera memori, makamaka kwa a VS Code, imene inamangidwa pa Electron, ndiko kunena kuti isenza m'mimba mwake injini ya Chromium yathunthu. Mudziwenso kuti mapulogalamu othandiza kumalizitsa mawu ndi kuloza zolakwa, otchedwa language server, adzuka tsamba litaoneka kale, kotero muyeso wa kutseguka suwaona, chikhalirecho ndiwo adya memori kwambiri. Yatsani a chiyankhulo chimene mukulemba lero chokha. Ndipo a Emacs ali ndi njira ina yakale: kuyambira Emacs 23, lamulo la emacs --daemon liidzutsa kamodzi kokha, niikhala chidikirire, ndipo emacsclient itsegula fayilo iliyonse m'kuphethira kwa diso, monga moto wofukiridwa m'phulusa umene sufunanso machesi m'mawa.

Funso: Tsono tilekere pati, Bambo?

Yankho: Mulekere pamene simukumvanso kudikira. Gene Amdahl anaonetsa mu 1967 kuti phindu la kufulumizitsa gawo limodzi la ntchito silingapose kukula kwa gawolo: tiyerekeze kuti edita yanu itseguka m'mamilisekondi 200, ndipo pulagini ina idya 10 mwa amenewo, ngakhale muigwirire ntchito usiku wonse kufikira isadye kanthu, mwapindula gawo limodzi la magawo 20, limene diso lanu silidzaliona. Ndawaona achinyamata aluso amene anagwa m'chikondi ndi kunola khasu, nanola mwezi ndi mwezi, mvula n'kudutsa munda uli chigonere. Ndipo mtima wanga umawawa pa iwo, pakuti maola a magetsi amene anawathera pofunafuna mamilisekondi asanu akadalembera pulogalamu yothandiza amayi a pamsika kusunga kaundula wa ngongole zawo, kapena sukulu ya m'lokeshoni kusunga mayina a ana.

Bram Moolenaar, amene anamwalira mu Ogasiti 2023, anasamala Vim zaka zoposa 30, ndipo pa tsamba loyamba limene lioneka munthu akaitsegula yopanda fayilo, pamalo pamene wina akadadzitamandirapo, iye anaikapo pempho lakuti anthu athandize ana ovutika a ku Uganda, amene iye anawatumikira ku Kibaale. Munthu ameneyu anadziwa chimene chipangizo chikhalira. Chifukwa chake, ana anga, yesani musanadule, dulani chimene muyeso waloza, sungani fayilo yanu mu Git, nimuyesenso pakapita miyezi ingapo kapena mukaika pulagini yatsopano. Ndipo tsamba likaoneka msanga usiku uno, magetsi akali kuyaka ndi mphika ukali kubwadamuka pa sitovu, lembanipo ntchito imene munaitsegulira.